Ndinathamanga m'Dzina la Madalitso

Kansalu kamene ndimapukutira tcheni cha njinga yanga kali ndi nambala. Kanada kalekale ndi girisi, koma ukakatambasula padzuwa umaonabe 47 yolembedwa ndi penti wofiira, ndipo m'makona mwake mudakali timabowo ta singano ya amayi. Anzanga apasiteji ya kabaza pa Lirangwe amati ndi chigamba wamba, ndipo ine sindiwatsutsa. Ndinakavala pachifuwa tsiku limodzi lokha, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Tsiku limenelo ndinapambana mpikisano wothamanga umene mphoto yake inali malo kusekondale yogonera konko, zaka zinayi, zonse zolipiriridwa. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, pasekondale yoyendera. Amene anapita kogonera konko ndi wina, ndipo sanathamange ngakhale phazi limodzi.

Inali nyengo yachisanu, titangolemba mayeso a Sitandade 8. Kwathu ndi kwa Kuntaja, mudzi wa kuseri kwa bwalo la ndege la Chileka, kumene mbale zimanjenjemera pathandala ndege ikamatera. Minda inali itakololedwa. Anzanga ankakhalira kutentha mapesi ndi kukumba mbewa, ndipo utsi unkakhala m'munsi mpaka dzuwa litakwera. Tinalibe chochita koma kudikira zotsatira za mayeso.

Tsiku lina aphunzitsi a masewero anabwera kwathu wapansi. Chimenecho chokha chinali chachilendo, chifukwa mphunzitsi sankafika pakhomo ngati pathu pokhapokha mwana atalakwa. Amayi anawapatsa mpando umodzi womwe tinali nawo, iwo n'kukhala pansi chapatali. Aphunzitsiwo anati akhala akundiona ndikuthawa mkwapulo wa ochedwa m'mawa uliwonse, ndipo pasukulu yonse palibe mwana wa mpweya ngati ine. Anati bungwe lina la m'tauni lakonza mpikisano wothamanga mtunda wautali pa Lirangwe, wa sukulu zonse za m'dera lathu, ndipo woyamba adzalandira nsapato zothamangira ndi chikwama. Anathera pamenepo. Kalata ya bungwelo inali m'thumba la malaya awo, yopindidwa kanayi. Ndinkaiona nsonga yake, koma sanaitulutse.

Ine ndinali ndisanavalepo nsapato za zingwe. Nditamva mawu akuti nsapato, makutu anga anatsekeka.

Kenaka anatsitsa mawu. Anati pali vuto limodzi laling'ono: bungwelo likufuna ana osapitirira zaka khumi ndi zitatu, ndipo ine ndapyola ndi chaka chimodzi. "Koma musadandaule, mayi," anatero. "Tingobwereka dzina." Dzinalo linali la Madalitso, mwana wa ahedi, amene tinalemba naye mayeso m'chipinda chimodzi.

Apa ndiime kaye, chifukwa ndikafika pamenepa magazi amandiwira. Madalitso anali wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Sukulu yonse inkadziwa. Mawu ake anali atasweka kale, kuchibwano kunali tindevu, ndipo Sitandade 8 ankailemba kachiwiri. Koma ana a aphunzitsi amakulira kunyumba kokha, m'kaundula wa sukulu zaka zawo siziyenda. Ndipo za zaka khumi ndi zitatuzo linali bodza lamkunkhuniza. Kalata ija inkangofuna mwana amene walemba Sitandade 8 chaka chimenecho. Dzina langa likanalowa bwinobwino.

Kwathu kubwereka dzina sichinali chinthu chodabwitsa. Wolephera mayeso ankalembanso m'dzina la msuweni wake amene anasiya sukulu, ndipo ena akula nalo dzina lobwerekalo mpaka kukwatira nalo. Nchifukwa chake aphunzitsi aja analitchula mopepuka, ngati akubwereka khasu. Amayi okha ndi amene anakanda pansi ndi chala kwa kanthawi, kenaka anati: "Sala, dzina si chitenje, choti munthu avale lero mawa n'kubweza." Aphunzitsi anaseka. Anati ahedi avomera okha ndi mtima wabwino, pofuna kuthandiza mwana wa mayi wamasiye. Ahediwo anali mkulu wa mpingo wathu, ndipo ndi amene anawalemba amayi pagulu la ophika phala la ana kusukulu. Amayi anayang'ana pansi n'kunena mawu amene ndawamva kambirimbiri pakamwa pa anthu osauka: "Mukudziwa ndinu ophunziranu."

Mawu amenewa ndimadana nawo mpaka lero.

Aphunzitsi aja ankatchedwa otiphunzitsa kuthamanga, koma m'milungu isanu ndi umodzi yokonzekera anabwera kawiri, ataima pamthunzi, wezulo ali m'khosi. Ntchito yonse anaigwira amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankapalasa kabaza pa Chileka. Sanaphunzire za masewero kulikonse. Chomwe ankadziwa ndi mmene munthu amasungira mphamvu akanyamula matumba awiri a chimanga pachitunda, ndipo anati kuthamanga n'chimodzimodzi.

Ankandidzutsa kusanache bwino. Iwo patsogolo panjinga, ine pambuyo wopanda nsapato, kabudula wa yunifolomu atamangidwa ndi luzi. Tinkatsata waya wa bwalo la ndege, kutsikira kumtsinje wouma, kuoloka mchenga, n'kukwera chitunda cha kutsidya. Fumbi la m'mawa limazizira ngati madzi. Zikang'a za kuchidendene zinkang'ambika n'kusiya timadontho ta magazi m'njira, ndipo madzulo amayi ankazimata ndi girisi wa njinga wotenthetsa. Mpweya unkatuluka woyera, m'kamwa mukumveka ngati ndatafuna chitsulo. Chilaso chikandigwira m'nthiti, amalume ankandipatsa kamwala kuti ndifumbate kwambiri mpaka ululu usamukire m'dzanja. Sindikudziwa ngati ndi mankhwala enieni, koma chinkatha.

Mawu awo anali ochepa ndipo sankasintha. "Usayang'ane chitunda, yang'ana tayala." "Manja pansi, sukumenyana ndi munthu." Ndikayamba mwaliwiro ankati: "Mapesi amayaka msanga n'kuthanso msanga. Iwe yaka ngati tsanya." Nthawi ankayeza pafoni yawo ya galasi losweka, n'kulemba ndi khala kukhoma la kuseri kwa nyumba. Manambala a pakhomalo ankatsika mlungu ndi mlungu. Pobwerera ankandigulira mbatata yootcha, nthawi zina nzimbe, iwo osadya. M'mawa ndi pamene kabaza amapeza anthu opita kuntchito, ndipo amalume anawasiya onsewo milungu isanu ndi umodzi chifukwa cha ine. Zimenezi ndazimvetsa tsopano pamene ndikupalasa ndekha.

Masiku ena ndege ya m'mawa inkanyamuka ife tili m'mbali mwa waya. Ndinkapikisana nayo mpaka itadzuka, amalume akuliza belu n'kumaseka. Ndisaname, ndinkasangalala. Thupi langa linali litapeza chinthu chimene linkachita bwino kuposa aliyense, ndipo palibe ankafunika kundiuza. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti nyengo yabwino koposa ya ubwana wanga ndi yomweyo imene ankandibera.

Panalinso maphunziro achiwiri. Aphunzitsi analamula kuti kuyambira tsiku lomwelo ndizitchedwa Madalitso, kuti pa Lirangwe ndisakatsetsereke lilime. Amalume ankaitana ali panjinga: "Madalitso!" Ndikachedwa kuvomera, ndinkabwereza chitunda. Posakhalitsa ndinapeza kuti dzinalo limagwirizana ndi mapazi. Ma-da, kukoka mpweya. Li-tso, kutulutsa. Ma-da-li-tso, ma-da-li-tso, kuyambira pawaya mpaka kumtsinje. Ndinalilowetsa m'mapapo ndekha, mosakakamizidwa. Masana ndinkakhala pakhonde n'kumalilemba m'kope lakale, pamodzi ndi dzina la bambo ake, mpaka dzanja litazolowera.

Amayi anakana kunditchula dzina limenelo. Koma poopa kundisokoneza, analekanso kunditchula langa. Nyengo yonse ija ndinali "iwe". Iwe, katunge madzi. Iwe, bwera ndikuone mapazi.

Madalitso weniweniyo ndinkamuona tikamadutsa kunyumba za aphunzitsi pobwerera. Ankakhala pakhonde atavala juzi, kapu ya tiyi m'manja. Tsiku lina anandikuwira: "Ase, usakandichititse manyazi, ine sindiluza." Ndinaseka. Ndinkaona ngati iye ndi amene akundichitira chifundo, kundibwereka chinthu chake osandilipiritsa. Ndinafika pomupititsira mbewa zisanu zowamba, zothokozera. Analandira.

Kutatsala tsiku limodzi, aphunzitsi anabweretsa kansalu ka nambala kaja. Mapini analibe, choncho amayi anakasokerera pamalaya anga dzuwa likupendeka, atakhala pamwala wa pakhomo. Anasoka makona onse anayi, kawirikawiri.

M'mawa mwake tinakwera lole. Ahedi anakhala kutsogolo ndi dalaivala, atavala jekete la kutchalitchi. Madalitso anatsala kunyumba, akuti malungo. Amalume anatitsatira panjinga mtunda wonsewo, chifukwa anati pobwerera sandisiya m'manja mwa anthu ena.

Pa Lirangwe panali anthu ngati tsiku la msika. Pabwalo anakhoma tenti, chimkuzamawu chikulira, azimayi akugulitsa zitumbuwa ndi madzi a m'mapepala. Othamanga tinalipo ambiri, ena atavala nsapato zoyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Ndinayang'ana mapazi anga otuwa n'kuwabisa mufumbi. Njira inali yotuluka pabwalo, kutsata msewu wafumbi mpaka pamlambe waukulu pamene munthu ankakulemba inki pamkono, ndiye n'kubwerera.

Wezulo atalira onse anaphulika ngati akuthawa njuchi. Wina anandiponda chala, wina anandigunda ndi chigongono. Ndinawasiya. Ma-da, li-tso. Tisanafike patali ena anali atagwira kale m'nthiti, ena akuyenda, mmodzi akusanza m'mbali mwa njira. Ndinkawadutsa mmodzimmodzi osawayang'ana kumaso. Pamlambe anandipaka inki yobiriwira ndili wachinayi. Dzuwa linali litakwera ndipo fumbi linayamba kuotcha kumapazi. Awiri ndinawapitirira pachitunda. Anatsala mnyamata wamtali wa nsapato zoyera, amene ankathamanga bwino, ndipo ndinamutsatira nthawi yaitali ndikumva kupuma kwake. Njirayo inkaoloka khwawa la mchenga. Nsapato zake zinamira, ine mchenga ndinali nditaudziwa m'mawa uliwonse. Potuluka m'khwawamo munga unandilowa kuphazi lamanzere, ndipo ndinathamanga nawo mpaka kumapeto.

Amalume anali pakhomo la bwalo, atakwera pachishalo cha njinga yotsamira mtengo. Aphunzitsi anali atawachenjeza kuti asatchule dzina langa, ndiye ankangoliza belu ndi mphamvu zawo zonse. Ndinadula chingwe ndi chifuwa n'kugwa chogwada.

Mayi wina wa magalasi, wochokera kubungwe lija, anabwera ndi pepala. Anawerama n'kundifunsa mokoma: "Dzina lako ndani, mwanawe?" Ndinali nditatopa kotero kuti zonse zophunzira zinathawa. Dzina langa lenileni linakwera lokha mpaka palilime. Pamenepo ndinamva dzanja la aphunzitsi pakhosi panga, kumbuyo, lofunda, losafinya. Dzanja linalo linali ndi gulukosi, ufa woyera wotsekemera umene ankapatsa othamanga. "Nyambita kaye, upume," anatero. Ndinanyambita. Shuga atasungunuka ndinakumbukira, ndipo ndinanena momveka bwino: Madalitso, mwana wa auje. Mayiyo anandipatsa cholembera kuti ndilembe ndekha pamzere, ndipo ndinalemba mokongola, mmene ndinazolowerera pakhonde.

Kamphindi kameneko ndakabwereza m'mutu kosawerengeka. Kukanakhala kuti dzanja lija linachedwa ndi mpweya umodzi wokha, bwenzi nkhani ino kulibe.

Popereka mphoto, bambo wina wa tayi anayankhula nthawi yaitali m'Chingerezi. Chingerezi changa chinali cha m'mayeso, osati cha pachimkuzamawu, ndipo m'makutu munkalira magazi. Ndinangomva dzina lija, kenaka m'manja ndi nthungululu zosatha, ndipo ndinadabwa kuti anthu akusangalalira nsapato chotere. Ndinalandira bokosi, chikwama, ndi envelopu ya khaki. Ahedi anandigwira dzanja pamaso pa onse n'kunditcha mwana wawo. Anthu anaombanso m'manja.

Nditangotsika, aphunzitsi anatambasula dzanja. "Pepalalo bweretsa ndikakusungire kuofesi," anatero. "Kwanu kuli chiswe." Chiswe chinalipodi, chinali chitadya kale makope anga awiri. Ndinapereka envelopuyo ndi manja awiri, nditapinda bondo, n'kunena zikomo.

Amalume Chingerezi sankachidziwa, koma bambo wogulitsa mafoni amene anaima pafupi nawo anawamasulira. Anawauza kuti mwana wawo wachita mwayi, sukulu yonse yalipiridwa. Ine ndinali pansi pa tenti ndikuchotsa munga ndi pini wa mayi wina, ndipo ndinawaona akupita kuseri kwa lole kumene kunali aphunzitsi. Mawu sindinkawamva. Ndinaona dzanja la amalume likuloza kwa ine, likuloza kutenti. Aphunzitsi anaima chilili, manja m'thumba, n'kuyankhula pang'ono chabe. Kenaka dzanja la amalume linatsika lokha.

Zimene ananena aphunzitsi, amalume anandiuza patapita zaka, tsiku limene ndinabwera ndi makope anga kunyumba komaliza. Akuti anawafunsa kuti: "Wanama pamaso pa anthu onsewa ndi ndani? Walemba dzina la eni ndi dzanja lake ndi ndani? Zikamveka, mayeso ake a Sitandade 8 awafufuta, ndipo inu muyankha kupolisi." Kaya zinali zoona kaya ayi, amalume analibe womufunsa. Anthu aja anakonza zinthu mwakuti wakuba pankhaniyi akhale ine.

Zotsatira zitatuluka ndinasankhidwira kusekondale yoyendera, mtunda wa maola awiri wapansi. Ndinayesa. Teremu ina ankandibweza pageti chifukwa cha fizi, ina ndinkalowa mochedwa, mpaka ndili Fomu 2 ndinatopa ndi kubwezedwa. Madalitso anapita kogonera konko ndi sutikesi yatsopano. Ndinamva kuti atafika anati bondo linaguluka patchuthi moti sangathamange, ndipo palibe anamuvutitsa. Bungwe lija silinabwerenso.

Anthu amandiuza kuti ndikhululuke, ndi zakale. Amene amanena zimenezi ambiri ali ndi masetifiketi. Ahedi anapuma ntchito ndipo amawerengabe mawu kutchalitchi, nchifukwa chake ine sindipitako. Aphunzitsi aja anasamutsidwa. Madalitso ndinamunyamulapo kamodzi panjinga, atavala malaya oyera ndi khadi la kuntchito pakhosi. Anandizindikira. Ali kumbuyo kwanga anandifunsa kuti, "Ase, umathamangabe?" Ndinamuyankha kuti ndinasiya, dzina ndinabweza. Anaseka ngati ndanena nthabwala. Panali chitunda, ndipo ndinamukweza mpaka pamwamba osatsika.

Ankati tikubwereka dzina. Obwereka anali iwo. Anabwereka miyendo yanga, m'mawa wa amalume ndi singano ya amayi, ndipo palibe chimene anabweza.

Koma tsiku lija zonsezi sindinkazidziwa. Ndinakwera pakaliyala ya amalume, bokosi lili pamiyendo, ndikulitsegula n'kulitseka kuti ndimve fungo la nsapato zatsopano. Ulendo wonse wochokera pa Lirangwe kufika kwathu amalume sanalize belu ngakhale kamodzi, ngakhale pamene mbuzi zinadutsa kutsogolo. Ndinkawafotokozera za mnyamata wa nsapato zoyera ndi mchenga, iwo n'kumangoti, "Eya." Ndinaganiza kuti atopa ndi kupalasa.

Titafika anaitanira amayi kuseri kwa nyumba, kukhoma la manambala a khala, ndipo anakhalitsako. Ine ndinakhala pamwala n'kutsuka mapazi kawiri ndisanavale. Nsapatozo anazisankha pamulu wa mabokosi potsata saizi imene inalembedwa pafomu, ndipo saiziyo inali ya Madalitso. Phazi langa linkasambira mkati. Ndinafwinyamo mapepala a m'kope lija ndinkaphunziriramo dzina, n'kuyamba kuyendayenda pabwalo ndikukweza mawondo.

Amayi anatuluka kuseri kuja n'kuima patsogolo panga. Ananditchula dzina langa, koyamba m'milungu isanu ndi umodzi, ndipo sindinavomere msanga. Anandifunsa kuti pachimkuzamawu anaitana dzina lanji.

"Madalitso," ndinatero monyada. "Ndipo sindinalakwitse ngakhale kamodzi."

Amayi anandivula malaya, kukhala pansi, n'kuyamba kumasula kansalu ka nambala ndi mano, ulusi umodziumodzi, maso ali pamapazi anga. Ndinaona kuti nkhope yawo siili bwino, ndipo ndinaganiza kuti chawakhumudwitsa ndi kukula kwa nsapato. Ndinawauza kuti asadandaule, phazi lidzakulira momwemo.